Zikomo za Tsiku Lija

Otta,
Seputembala

Achemwali anga Oddlaug,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Kodi chifuwa chija chinakusiyani, kapena mukungotsokomolabe n'kumakana kupita kuchipatala monga mwa khalidwe lanu? Nanga alamu anga a Hilmar, maso aja anawakonza? Ine kuno ndilipo. Bondo lakumanzere ndi limene likundilipiritsa zaka zonse zimene ndinagwada kukwale ndikung'amba miyala, koma kudya ndikudya, tulo ndikupeza.

Kuno kwayamba kuzizira. Mitengo ya m'mapiri yafiira, alimi akutsitsa nkhosa, ndipo m'mawa mtsinje ukumafuka nthunzi. Dziko lopanda nyanjali mpaka lero sindinalizolowere. Ukatsegula zenera phiri, ukatembenuka phiri linanso, mphepo yake yosanunkha kanthu. Banja limene lalowa m'nyumba ya pamwamba panga lagula makina othamangirapo. Akumathamanga osapita kulikonse, denga langa n'kumanjenjemera. Ndinakwera kukafunsa kuti akuthawa chiyani, mkaziyo anangoseka n'kundipatsa keke. Keke ndinadya, kuthamanga sikunathe.

Koma chimene ndakhalira pansi kulemba si chimenecho. Ndinapita kwa Eilif.

Ndikudziwa kuti apa mwayamba mwapukuta magalasi. Inde, Eilif yemweyo, mnzanga wa paubwana amene tinachokera limodzi pachilumba kubwera kuno kumwera, iye kudzaphunzitsa ana, ine kudzaswa miyala. Inu pa phwando lake lija la zaka makumi asanu ndi awiri panalibe, munangomva za m'maluwa, ndiye lero mumve kwa mwiniwake. Ndinamupekera nyimbo monga timachitira pa phwando, n'kuilemba ndi dzanja langa, n'kukachulukitsa mapepala kuti aliyense apeze lake pambali pa mbale. Anthu anaimba bwinobwino. Atamaliza, Eilif anaimirira, mowa utamufika, n'kutulutsa cholembera chofiira m'thumba la jekete. Anayamba kuchonga nyimbo yanga mokweza, liwu ndi liwu. Apa akuti pasowa chilembo, apa chachuluka, apa ndiye sakudziwa ngati n'chilankhulo chathu. Pansi pake analemba kuti ndiyesenso. Holo yonse inafa nalo phwete. Ine ndinatenga chikhoti changa keke asanadule.

Wina aliyense akanaseka sindikanasamala. Koma Eilif ankadziwa chimene ndinasiyira sukulu. Anali pagombe tsiku limene bwato la bambo linabwerera lopanda bambo, ndipo anandiona ndikukwera bwato la amalume iye akupita kukalasi ndi chikwama kumsana. Kuchokera pa phwandolo zaka zadutsa, tikukhala m'chigwa chimodzi, koma osapatsana ngakhale moni. Iye sanabwere, inenso sindinapite.

Sabata yatha kunabwera Gunvor, mwana wake wamkazi uja ndinamunyamula pa ubatizo. Pano ndi mayi wa imvi, amayendetsa ambulansi. Anati makolo ake ali kukanyumba kawo ka kuphiri, ndipo iye akupitako Loweruka pa njinga yamoto yakale ya bambo ake, ija ili ndi kabwato kokhalamo munthu m'mbali mwake. Anati m'kabwatomo mulibe munthu. Ndinamufunsa ngati wamutuma ndi bambo ake. Iye amvekere, amalume, mafunso ngati apolisi bwanji, mupita kapena ndiikemo thumba la mchenga? Ndiye kuti njinga yotere kabwato kakakhala kopanda kanthu kamanyamuka pokhota, n'chifukwa chake amaikamo mchenga. Mundimve bwino achemwali, anandiitana m'malo mwa mchenga.

Ndinavomera chifukwa cha chinthu chimodzi. Mukudziwa mawu oyamba amene munthu amanena akakumananso ndi mnzake amene anadya naye, aja mayi ankatipotokola nawo makutu tikaiwala: zikomo za tsiku lija. Tsono tsiku lomaliza ine ndi Eilif kuonana ndi tsiku la cholembera chofiira. Ndinkafunitsitsa kuona kuti pakamwa pa mphunzitsi patuluka chiyani. Akawanena mawuwo, ndiye kuti akundinyozanso, ndipo yankho ndinali nditalinola kale: tsiku liti, aphunzitsi, lija munandichonga? Akalephera kuwanena, ndiye kuti mlandu akuudziwa, apepese basi. Njira yachitatu sindinaione.

Loweruka m'mawa Gunvor anandiveka chisoti, n'kundilowetsa m'kabwato muja ngati akuika buledi mu uvuni. Anandifunditsa chikopa cha nkhosa m'miyendo, pamwamba pake n'kusanjikapo poto wa nyama wopita kwa mayi ake. Anandilangiza kuti tikamakhotera kumanja ndizitsamira kunja, ngati ndikufuna kutola chinthu pamsewu. Ndinamuuza kuti ndinayamba kukwera bwato iye asanabadwe, asandiphunzitse kukhala.

Pa kona yoyamba ya m'phiri, kumanja kwanga kunali chiphompho, mtsinje uli pansi penipeni. Munthu wanzeru zake angatsamire kuchiphompho? Ndinatsamira kwa Gunvor. Nthawi yomweyo tayala langa linasiyana ndi msewu, kabwato n'kukwera m'mwamba, poto n'kufika pachibwano. Ndinangomva kukuwa kuti kunja amalume, kunja! Titatera anaimitsa njinga, n'kundiyang'ana, n'kunena kuti mchenga umamva kuposa ine. Msuzi pang'ono unali utalowa m'manja mwa malaya.

Koma ndikuuzeni, chinthu chimenechi n'chodabwitsa. Munthu umakhala pansi kwambiri, matako kutalikirana ndi phula ngati chikhatho, ndipo dziko umaliona monga amalionera galu. Msewu umenewu ndaudutsa kambirimbiri pa basi, koma sindinkadziwa kuti uli ndi fungo. Pa munda pamanunkha ndowe, m'nkhalango utomoni, pa mlatho mpweya umazizira mwadzidzidzi ngati wina watsegula chitseko, ukakwera pang'ono n'kufundanso. Phula litatha tinalowa msewu wa miyala, ndipo pamenepo nkhosa yamphongo inali itagona pakati pa njira. Inadzuka mwaulesi, belu lili ngwerengwere m'khosi, n'kudzandiyang'ana m'maso, mphuno yake ndi yanga pafupifupi kugundana. Kukalamba konseku nkhosa sinandiyang'anepo ngati mnzake.

Titaima kuti timwe khofi wa m'fulasiki ndinazungulira njingayo kuiyang'anitsitsa. Ndinafunsa chifukwa chake imakokera kumanja akaponda moto, n'kukokera kumanzere akagwira mabuleki. Gunvor anati mphamvu ili mbali imodzi, kabwatoko kamangotsatira, ndiye ponyamuka kamatsalira, poima kamafuna kupitirira. Ndinati ndiye ili ngati bwato lopalasa anthu awiri, wina wamphamvu wina waulesi. Iye anati eya, ndipo waulesiyo tikumudziwa. Kenako ndinafunsa kuti bambo ake ali bwanji masiku ano. Anatsanula khofi wotsala pansi, n'kunena kuti ndikadzionera ndekha, n'kuliza injini. Pa njinga imeneyi injini ikalira nkhani yatha.

Kanyumbako sikanasinthe. Mitengo yake yakuda yomwe ija, udzu womera padenga, kungoti pano padengapo pamera ndi kamtengo komwe. Mwala wa pakhomo umene ndinawaikira kalekale uli pomwepo, sunasunthe.

Njinga isanazime n'komwe, Eilif anatuluka. Waonda, juzi ikungolendewera. Anabwera molunjika kwa ine, manja onse awiri ali patsogolo, nkhope ili ngwee, n'kunena mokweza kuti zikomo za tsiku lija!

Yankho langa lija ndinalinena ndithu, koma ndinalinenera m'chisoti, poto ali pamiyendo, bondo litakana kupindika. Palibe amene anamva. Mkazi wake, alamu a Magnhild, anali atafika kale, akuti alamu mwakalamba bwanji, tulukani m'bafamo khofi akuzizira. Anachita kundizula anthu awiri.

Pa tebulo ndinkangomuyang'ana. Ulemu wake unali wonyanya. Anandipatsira mikate ndi tchizi chofiira, n'kundifunsa ngati ndachokera kutali, ndiponso ngati msewu unali bwino. Ankanditchula kuti mlendo wathu, dzina langa la Jentoft osalitchula. Ndinati mumtima, taonani kunyada, akufuna ine ndiyambe. Patapita kanthawi anandifunsanso ngati msewu unali bwino. Ndinayankha kuti sunasinthe chifunsireni. Alamu anandiponda phazi pansi pa tebulo.

Masana kunadutsa bambo wina ndi galu, akufunafuna nkhosa zake zosochera. Eilif anamuthamangira, manja awiri, zikomo za tsiku lija. Bamboyo anayankha kuti zikomo inunso, monga aliyense amayankhira. Ine chidwi chinandigwira, ndinamuperekeza pang'ono n'kumufunsa kuti anadziwana kuti ndi mphunzitsiyu. Anati sanamuonepo chibadwire, iye ndi wa chigwa china, koma munthu akakuthokoza ungamukanire?

Ndinatenga ndowa kupita kukhwawa kukatunga madzi, mutu uli piringupiringu. Si patali, munthu ukakuwa pakhomo amakumva. Pobwera ndinapeza Eilif atakhala pa mwala wa pakhomo. Atandiona anaimirira, nkhope ili ngwee ngati poyamba paja, manja awiri patsogolo. Zikomo za tsiku lija. Madzi anatayikira m'nsapato zanga.

Alamu a Magnhild ndinawapeza m'kashedi ka nkhuni. Sanadikire kuti ndifunse. Anati Eilif akudwala matenda oiwala, anayamba kuiwala makiyi, kenako mayina, pano ndi nkhope. Iwowo, mkazi wake, amawadziwabe, Gunvor masiku ena amamudziwa, masiku ena amamuyesa namwino. Anati mawu amenewa ndiye ndodo yake yoyendera. Anaitulukira yekha matenda atangoyamba, chifukwa munthu ukamupatsa moni wotere sakhumudwa, amayankha, ndipo palibe amafunsa kuti tsiku liti. Kenako anandiyang'ana n'kunena kuti kupatula inu, alamu, inu mukhoza kufunsa.

Ndinawafunsa chifukwa chake sanandiuze ndisananyamuke. Anati akanandiuza ndikanabwera ndi nkhope ya pamaliro, ndipo nkhope imeneyo Eilif amaizindikira, imamuopsa. Bola ndabwera ndi mkwiyo wanga, ndikumuyang'ana ngati munthu. Ndinafunsanso ngati za phwando lija anazitchulapo mutu ukadali bwino. Anati iwo anamukalipira tsiku lomwelo, iye n'kumati Jentoft nthabwala amazidziwa, abwera yekha. Ataona kuti sindikubwera anayamba kumati ndipitako mawa, ndipitako mawa, mpaka mawa linatha. Ndiye achemwali, musaganize kuti anali wosalakwa. Nthawi anali nayo.

Dzuwa litapendeka tinayamba kusanja nkhuni awiriwiri, ine kuwaza, iye kusanja. Chimene chinandizizwitsa n'chakuti manja ake sanaiwale kanthu. Chikuni chilichonse ankachiika khungwa kumwamba, monga timachitira kwathu chifukwa cha mvula. Ndinaika dala chimodzi khungwa pansi ngati anthu a kuno. Anachitembenuza. Ndinaikanso china. Anachitembenuza, n'kundifunsa kuti kodi bambo, munakulira kuti? Ndiye mutu wa munthu uli bwanji, achemwali? Khungwa la chikuni n'kutsalamo, mnzako wa pa bwato limodzi n'kutulukamo?

Pamenepo ndinaganiza zoyesa. Ndinamuuza kuti ndili ndi nkhani ya munthu wina, ndikufuna nzeru za mphunzitsi. Anakhala pa chitsa, manja pamawondo, monga ankakhalira pomvera ana. Ndinafotokoza zonse, nyimbo, mapepala, cholembera chofiira, kuseka kwa anthu, ndi chimene wolembayo anasiyira sukulu. Sindinatchule dzina.

Nkhope yake inada. Anati ameneyo si mphunzitsi, ndi galu. Anati iye pa zaka zake zonse za m'kalasi sanachititsepo mwana manyazi pamaso pa anzake, ndipo munthu wotere akanakhala pa sukulu yake akanamutulutsa ndi khutu. Anamenya chibakera pabondo, n'kufunsa kuti ndani ameneyo, ndimutchule.

Ndinati, "Ndiwe."

Ndinkamva mabelu a nkhosa kutali. Kenako anaweramira kwa ine, n'kufunsa motsitsa mawu, mwaulemu ndithu:

"Kodi zolakwikazo zinali zambiri?"

Nkhwangwa inali m'manja mwanga, achemwali. Ndinaiika pansi. Ndinati zinalipo ndithu. Iye anagwedeza mutu ngati dokotala amene wamva za matenda odziwika. Kenako anati komabe si pa phwando, zoterozo umamuitanira munthu pambali. Anavula chipewa, n'kuimirira.

"Ngati ndinali ine, ndinachita zauchitsiru. Pepani, bambo."

Zaka zonsezi ndimayembekeza mawu amenewa, koma osati ndi bambo kumapeto. Ndinati, "Iwe, bambo wake uti? Ndine Jentoft."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Jentoft? Musandinamize, madala. Jentoft ndi mnyamata, tsitsi lili thoo. Ali kunyanja ndi amalume ake. Inu mutu ngati dzira chonchi?"

Ndinati nanga iweyo wadziyang'ana pagalasi? Anati iye alibe nazo ntchito, anakwatira kale. Kenako anandiuza kuti ndikadzakumana naye Jentoft ameneyo ndidzasamale, ndi wamakani ngati mbuzi, ukamuputa amasunga. Anavala chipewa chake n'kutola chikuni china. Pofika nthawi ya chakudya chamadzulo anali atandifunsanso ngati msewu unali bwino.

Nyama ija tinadya, inali yokoma ngakhale msuzi unachepa. Ine ndinkangotafuna ndi maganizo. Amene anandilakwira uja kulibe, anachoka osatsanzika. Amene alipoyu wapepesa ndi mtima wonse, chipewa m'manja, koma wapepesa kwa mlendo, pa mlandu umene waumva kwa ine ndemwe. Kodi kupepesa kotere kumawerengedwa? Gunvor anandifunsa kuti amalume mwakhala chete bwanji, kapena mukuopa makona a mawa. Ndinamuuza kuti adye zake.

Lamulungu m'mawa ndinadzuka ena onse asanadzuke, n'kupita kukasukusula kukhwawa. Udzu unali woyera ndi chisanu. Pobwera ndinamva chitseko chikulira. Anali Eilif, atavala juzi motembenuza, makapu awiri a khofi m'manja, amene alamu anamupatsira. Anaika makapuwo pa mwala kuti manja apeze mpata, n'kubwera. Zikomo za tsiku lija.

Ndinaima, thaulo lili paphewa. Yankho langa lonola lija linafika pamlomo. Koma ndinayamba ndaganiza kuti tsiku lomaliza ine ndi munthu uyu kuonana ndi liti. Si la phwando ayi. Ndi dzulo, pa nkhuni paja. Ndipo dzulolo anavula chipewa. Ndinawatembenuza mawu akewo uku ndi uku, ine wosaphunzirane, kufunafuna polakwika poti ndichonge. Sindinapapeze.

Ndinati, "Zikomo iwenso, Eilif."

Anasangalala kumva kuti mlendo akudziwa dzina lake. Tinakhala pa mwala paja n'kumwa khofi, dzuwa likutsika phiri la kutsidya pang'onopang'ono mpaka kutipeza.

Pobwerera ndinatsamira kuchiphompho pa kona iliyonse, maso nditatsinzina. Gunvor ponditula pakhomo anafuna kuyamba kulankhula zambiri, misozi ikulengeza m'maso. Ndinamuuza kuti andivule chisoti kaye, makutu akuwawa.

Musafulumire kukondwa, achemwali. Sindikunena kuti zonse zatha. Ndikakumbukira kuseka kwa m'holo muja mtima umatenthabe, kungoti pano ndikusowa pokautula. Kukwiyira munthu amene akukupatsira tchizi n'kumakufunsa za msewu n'kovuta, ndayesa. Chimene chikundizunguza mutu kwambiri ndi Jentoft winayo, wa tsitsi uja, amene akadali kunyanja m'mutu mwa Eilif. Ndikufuna ndimve zambiri za iyeyo. Zikuoneka kuti awiriwo sanayambanepo.

Tsono pempho langa ndi ili. Tikutsanzikana, Eilif anafunsa alamu ngati sitima ya kumpoto yabweretsa nsomba zouma, akuti papita nthawi asanadye zenizeni. Alamu akuti amafunsa kawirikawiri, ndipo za m'sitolo amangozinunkhiza n'kuzikankha. Munditumizireko za pa thandala la a Hilmar, zouma ndi mphepo ya kwathu, zija timachita kuphwanya ndi msana wa nkhwangwa. Musazisende, musaziduledule, aphwanye yekha, ndione ngati manja akukumbukanso zimenezo. Muzitumize msanga, chifukwa Gunvor akupitanso chipale chofewa chisanatseke msewu wa kuphiri, ndipo ndamuuza kuti adzandidzere.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Hilmar, muwauze asasankhe zing'onozing'ono. Moni kwa mwana wanu Steinar ndi mkazi wake, ndi adzukulu onse, ngakhale aja sandidziwa. Moni kwa msuweni wathu Petra, ndi kwa azakhali a Konstanse, muwakuwire kukhutu lakumanja. Mukapita kumanda mukachotseko udzu pa mwala wa mayi, ine bondo ndi mtunda zandimanga.

Inuyo pitani kuchipatala ndi chifuwacho.

Ndine mlongo wanu,
Jentoft